Mbiri ya Bambo Misheck Luhanga, Amene Anati Tisazimitse

Malemu Bambo Misheck Luhanga anabadwa pa 9 Marichi 1986 ku Ching'ambo, muno mu Mzuzu. Ine ndine mng'ono wawo Temwani. Anthu akumbuyo mundikhululukire, ndikuwerenga popanda maikolofoni, ndipo chifukwa chake muchimva.

Anayamba sukulu mu 1992. Mu 2005 anasankhidwa kupita ku Yunivesite ya Mzuzu, kumene anaphunzira za makompyuta. Pa 14 Ogasiti 2012 anamanga banja ndi Mayi Mabel Msowoya, ndipo anakhazikika kuno ku Chibavi.

Mu 2014 anayamba kuphunzitsa pa sekondale ina ku Mchengautuwa. Anapezako makompyuta akale amene mapulogalamu amakono amawakana. Chaka chatha komiti ya sukulu inagamula kuti akapanda kugwira ntchito pofika teremu ikubwerayi, atayidwa, ndipo phunziro la makompyuta litha.

Malemu anaganiza zomanga okha pulogalamu yaikulu yoyendetsa makinawo. Koma poyamba pamafunika kompaila, chida chomasulira zimene munthu walemba kuti makina amve. Vuto ndi lakuti kompaila imamangidwa ndi kompaila inzake, monga mpini wa nkhwangwa umasemedwa ndi nkhwangwa. Motero amabwereka ya eni kuti imange yoyamba. Yoyambayo imamanga yachiwiri, yachiwiri n'kumanga yachitatu. Pomaliza makina amayerekeza yachiwiri ndi yachitatu. Zikafanana ndendende, chidacho n'chodalirika. Kawiri konse magetsi anazima ntchito ili pakati, zolembedwa zinaonongeka, ndipo anayambiranso.

Pa 2 Epulo chaka chino anayambitsanso ntchitoyo kachitatu. Tsiku lomwelo anadandaula mutu, ndipo anagonekedwa m'chipatala. Anatisiya pa 4 Epulo. Mawu awo omaliza anali amodzi okha, akuti tisazimitse. Abusa anamva kuti akunena nyali ya chikhulupiriro, ndipo sitikuwatsutsa. Alamu anga a Mabel anamva kuti akunena kompyuta yomangira kompaila ija, imene ili kuchipinda.

Dzulo, potulutsa katundu m'nyumba kuti thupi ndi amayi apeze malo, amalume athu a Zebedee anagwira chingwe cha kompyutayo. Alamu, amene anali asanadzuke pamphasa chifikire kuchokera kuchipatala, anaimirira n'kutseka chitseko ndi thupi lawo. Amalume, tikudziwa kuti mwambo uli kumbali yanu, ndiponso mwati katundu yense akwere galimoto yopita kumudzi limodzi ndi bokosi. Banja likupempha pamaso pa anthu onsewa kuti chinthu chimodzi chokhacho chitsale.

Magetsi azimanso kuyambira m'mawa. Batire limene likanayendetsa zokuzira mawu ndi limene likuyendetsa makinawo, ndipo nyali yake yafiira kale kusonyeza kuti latsala pang'ono kutha. Kompaila yachitatu ikumangidwabe. Ine ndinaphunzira masamu. Ndikhoza kuwerenga yankho likatuluka, koma kuyambiranso sindingathe. Amene mwabwera ndi matchaja a foni, chonde pirirani.

Malemu asiya mkazi, ana awiri, Mwawi ndi Brave, mayi awo owabala, abale atatu, ndi ana a sukulu amene akudikira.

Tikuthokoza madokotala ndi anamwino, mpingo, adzukulu, ndi Bambo Salehe a pagolosale amene atibwereka batire. Akwaya amene mwavomera kuimba ndi pakamwa pokha, yewo chomene.

Akulu anga, usani mumtendere. Mpaka pano sitinazimitse.