Poto m'Chikwama

Lamba wa chikwama cha Triza anadukira m'minibasi, pansi pa dengu la usipa, anzake akumudikira ku Nkhotakota kuti akayende m'mapiri masiku atatu. Pa Khombedza kondakitala anati anyamuka ikangodzaza, ndiye Triza anathamangira pa kaunjika wa mayi Tausi.

"Mayi, ndikufuna chikwama chakumsana. Chachikulu, cha malamba a m'chiuno."

"Chatsala chimodzi, mwana wanga." Mayi Tausi anasolola chofiira pansi pa mulu wa majekete. "Mwanayo ali fomu chani?"

"N'changa. Ndikayenda nacho pansi masiku atatu."

"Pansi? Minibasi si iyo?"

"Komwe ndikupita kulibe msewu."

"Kalanga ine, pepani. Watisiya ndani?"

"Palibe wamwalira! Ndikukapuma."

"Kupuma poyenda?"

"Atsala anayi!" anakuwa kondakitala.

Triza anakhuthulira katundu pa lona kuti aone ngati akwana. Tenti, tochi, bulangeti, kapoto kakuda. Mayi Tausi anatola kapotoko, kukatembenuza, kukagogoda.

"Poto uyu ngwa kunyumba kwanu?"

"Eya."

"Bulangetili?"

"La pabedi pathu."

"Bambo akunyumba ali kuti?"

"Ndawasiya ku Lilongwe."

"Mwawasiya. Ndiye mukagona kuti?"

"Kutchire."

Mayi Tausi anayala chikwama chija pansi n'kuchikhalira. Phwata!

"Sindigulitsa."

"Aaa, mayi!"

"Mkazi akatuluka ndi poto ndi bulangeti, banja latha. Ankhoswe akudziwa?"

"Ankhoswe a chani? Ndibwerera Lamlungu!"

"Mng'ono wanga ananenanso choncho. Chaka chachisanu ichi ali ku Joni."

"Ine ndikukakwera phiri basi!"

"Pamwamba pali ndani?"

"Palibe."

"Pali msika?"

"Mayi, palibe kanthu! Timafika, timaona, timatsika."

"Wallahi, anakukhumudwitsani kwambiri bambowo."

"Atatu! Nkhotakota, atatu!"

Triza anagwira lamba wa chikwama n'kukoka. Mayi Tausi sanasunthe. Anakokanso. Linangosuntha ndi lona.

"Dzukani, ndikupemphani. Ndikaphonya iyi anzanga andisiya. Ulendowu ndaudikira chaka chathunthu!"

"Mwaona? Chaka chathunthu mukukonza zothawa."

Triza anatulutsa foni, kuimba, kuikweza mawu, n'kuwapatsa. "Awa ndi a Fletcher, amuna anga. Afunseni nokha."

Mayi Tausi anaigwira ndi manja awiri. "Bambo, ndine Tausi wa pa Khombedza. Musakomoke. Akazi anu ali pano ndi poto wanu."

"Eya, ndamupakira ndine," anatero Fletcher. "Machesi ndaika m'kati mwakemo."

Mayi Tausi anasuzumira m'poto. Machesi analimo.

"Nanga inu mudya chani?"

"Ndiphika. Panopa ndikusambitsa ana. Mpatseni chikwama, mayi, akapume."

Foni inaduka. Mayi Tausi anatembenukira kwa Triza.

"Kuphiriko mumaphikira angati?"

"Aliyense amadziphikira."

"Zochapa?"

"Kulibe."

"Munthu wofunsa kuti malaya ake oyera ali kuti?"

"Kulibe. Ngakhale netiweki kulibe."

"Apongozi sangaimbe?"

"Sangaimbe, mayi. Tsopano dzukani!"

Anadzukadi. Anakung'untha chikwama, kulongamo tenti, bulangeti, tochi, poto pamwamba. Kenako anaponyamo jekete limodzi la pamulu. Triza anatambasula manja, mtima uli m'malo. Koma mayi Tausi anachibereka okha, kumanga lamba wa m'chiuno, n'kudumphadumpha kawiri.

"Ee! Chikugwira ngati mwana wa miyezi isanu."

"Mayi, n'changa chimenecho!"

"Chikwama n'chimodzi. Inu ndi katupi ka m'tauni aka mungafike nacho pati? Ine mpunga wa ku Chinguluwe ndimasenza thumba lathunthu." Anatembenukira kwa mnzawo wogulitsa nsapato. "A Masiye, mundionere kaunjikayu mpaka Lamlungu. Amuna anga a Sulaiman akabwera muwauze kuti machesi ali pa windo."

"Awiri omaliza!"

"Ndi ife!" anakuwa mayi Tausi, ali kale pakati pa msewu.

Triza anawathamangira, akuseka mpaka kupuma movutikira. "Mayi! Mayi! Nanga ankhoswe anu akudziwa?"

Mayi Tausi anakankhira chikwama m'minibasi, osacheuka.

"Adziwe chani? Poto ngwanu uyu. Wanga ali kunyumba."