Matayala a Kuseri kwa Nyumba

Moni nonse abale mwa Ambuye. Ndine mai Njobvu a ku Chinyunyu. Ndikuuzeni za matenda amene anatsala pang'ono kundilanda amuna anga cha m'ma 1990, mvula itabwerera chilala chitatha.

BaNjobvu ankamata matayala m'mbali mwa msewu waukulu. Matayala otha tinkawaunjika kuseri kwa nyumba, madzi a mvula ali tho m'kati. Alamu anga oyendetsa lole anabwera kuchokera kudoko thupi likutentha, nagona kwathu masiku anayi. Patapita milungu itatu aneba awiri anadwala, kenako baNjobvu.

Mutu, kuseri kwa maso, mafupa ngati wina akuwathyola. Tinati ndi malungo, koma kolokwini sanaphule kanthu. Ine kutopa, kumunda osapita, chimanga chikumira mu udzu. Ndiye ndinachita zomwe tinakula nazo, ndinaitana azakhali awo kuti awateme mphini pachipumi. Tsiku lachinayi thupi linazizira, ine n'kuthamangira kutchalitchi kukalengeza kuti achira. Pobwera ndinapeza timabala tija tikuchuchabe magazi, nkhama nazonso, manja ali zii.

Ndinakagwada pamsewu, pemphero osatuluka. Ndinangoti, "Ambuye, ndatopa." Posakhalitsa minibasi inaima pakhomo tayala litaphwa, akufuna womata. Munali sisita wachikulire wa kuchipatala cha mishoni ku Mpanshya, amene kale anagwirapo ntchito kumaiko a kugombe. Atawaona baNjobvu anati ndi matenda otchedwa dengi. Anati kachilombo kake kamatseka pakamwa asilikali a m'thupi kuti asachenjezane, ndipo nthawi yoopsa ndi imene thupi lazizira, yomwe ine ndinkavinira. Atasuzumira kuseri anapukusa mutu. Anati udzudzu wake umaswana m'matayala momwemo, umaluma masana, ndipo ndi umene unatenga matendawo kwa alamu n'kugawira mudzi.

Tayala lija ndinamata ndekha, mmene ndinkawaonera baNjobvu. Minibasi yomweyo inatinyamula. Kuchipatala anawaika diripi, ndipo tsiku lachitatu anapempha phala.

Ndikuthokoza Mulungu amene anaphwetsa tayala pakhomo pathu penipeni. Inu amene mwatopa, musaleke kupemphera, ngakhale mawu atatsala awiri okha. Matayala aja ndinawaboola onse. Koma zipsera za mphini zilipobe pachipumi pa amuna anga. Ndimaziona m'mawa uliwonse akamasamba kumaso, ndipo mpaka lero sanandifunsepo kuti anaitana azakhali ndani.