Thabwa la ku chigafa

Aulutsi, chonde nkhani yangayi muiwerenge lero lomwe. Ndine mlimi wa fodya kuno ku Kapelula.

Magetsi atafika m'dera lathu, mmisiri anandiuza kuti ndigule thabwa louma, lothira mankhwala a chiswe, loti akhomerepo bokosi la maswichi. Ine ndinangozula thabwa lakale ku chigafa n'kulipala. Mmisiriyo anakana, koma ndinamukakamiza mpaka anakhoma.

Tsiku loyendera, bambo wa ku ofesi ya magetsi anadina thabwalo ndi chala, chalacho n'kulowa. Chiswe chinali chitalidya m'kati monse.

"Bambo, malamulo salola zimenezi," anatero. "M'chipinda muno mumasungamo chiyani?"

"Mabelo a fodya," ndinayankha. Sindinaulule kuti ana anga awiri amagonanso momwemo.

Anakana kutilumikizira magetsi. Koma chikundisowetsa mtendere n'chakuti thabwa lina la ku chigafa chomwecho ndinapatsa alamu anga ku Njombwa kuti nawonso akhomerepo bokosi la maswichi, ndipo kwawoko magetsi akuyaka kale. Lero ndi tsiku lachitatu foni yawo isakupezeka.

Alamu, ngati mukumvera wailesi, thimitsani swichi yaikulu ija. Ndikubwera ndi mmisiri, thabwa latsopano lili panjinga.