Dzanja Langa Pachifuwa Pawo

Pokwerera mabasi a ku Masvingo, pa Mbare, mayi wachikulire anayamba kucheza ndi mayi wachitsikana amene anakhalira sutikesi yake.

"Katundu yenseyu, mwanangu, ukukaona makolo?"

"Andithamangitsa ku ukwati, amayi. Akuti ndine mfiti."

"Iwe! Unatani?"

"Amuna anga, bambo a Rutendo, akagona amaliza mkonono, kenaka mpweya umaima, zii! Ine ndimawagwedeza pachifuwa kuti apume. Akadzidzimuka ali wefuwefu, amapeza dzanja langa pamenepo. Anakauza amayi awo kuti ndimawakanyanga pakhosi."

"Kuchipatala simunapite?"

"Ndinachita kuwakoka. Adokotala anati njira ya mpweya imatsekeka akagona. Anati achepetse thupi, asiye mowa, azigona chammbali, azivalanso kachipangizo kopopera mpweya m'mphuno."

"Ndiye?"

"Apongozi anati mwana wawo si ng'ombe yoti azimangidwa chingwe pamphuno. Chimimba chawocho akuti ndi umboni woti amadya bwino."

"Amuna inu! Wanga ankaliza mkonono ngati thirakitala, koma ankapuma, chidakwa chija. Pukuta misozi, ukagone tulo tako."

"Tulo ndilibe, amayi, ndinazolowera kumvetsera. Apongoziwo akagona sadzuka ngakhale kugwe mtengo. Lero mwana wawoyo akasiya kupuma, amugwedeza ndani?"