Foni ya a Tcheyamani Yalowa M'ndowa

— Halo?

— Halo, achemwali! Mwaswera bwanji?

— Ndani? Phokoso limenelo... O, Waulere, ndiwe? Ndaswera, kaya iwe?

— Ndaswera bwino kwabasi. Alamu ali bwanji, mwendo uja?

— Ukupola, ayamba kuyenda opanda ndodo. Nanga mlamu wanga? Ana?

— Onse ali bwino, akupereka moni.

— Uwabwezere. Koma lankhula msanga, abwana angotuluka kukadya. Mawu akonso akudukaduka. Ndi kafoni kako kaja eti?

— Ndi netiweki, achemwali.

— Netiweki ya chiyani! Ndinakuuza kalekale, gula foni yooneka, uikemo mapulogalamu ogula, a laisensi, ngati anthu ena onse. Iwe kakaka ndi zaulere zako zotola pa intaneti.

— Si zotola. Ndi mapulogalamu osabisa zam'kati. Aliyense wodziwa akhoza kutsegula n'kuona mmene anawapangira.

— Nanga akakuvuta udandaula kwa ndani? Chinthu chopanda mwini! Kuno ku ofesi kompyuta ikangotsokomola timayimbira kampani, munthu amabwera atamanga tayi.

— Tayiyo ndi yabwino, sindikukana.

— Ukuseka chiyani? Ndipo uli kuti? Kukumveka ngati anthu akuyimba.

— Ndili pa geti la fakitale. Akuyimbadi.

— Masana ano? Iwe, usandibisire. Si sabata ino bungwe lanu la ogwira ntchito limati likuchotse pa ulembi? Akuchotsa?

— Fatsani kaye.

— Ndifatse bwanji? Mkazi wako anandiyimbira akulira. Akuti pa mpopi anzake akangomuona amasiya nkhani. Mwana wako wamkulu akukana sukulu chifukwa akumutchula mwana wa kazitape.

— Ndikudziwa. Inunso munandifunsa ngati abwana a pa fakitale pano sanandipatire kangachepe.

— Aa, ndinangofunsa! Nanga ndikanatani? Chilichonse chimene komiti yanu yakambirana, m'mawa mwake abwana akuchidziwa, ndipo wolemba zonse ndiwe.

— Anzanganso ankatero. Ankati foni ya mlembi ili ndi mapulogalamu achilendo amene palibe anawaonapo mu shopu, ndiye ndi imene ikutiulula.

— Waona? Zaulere zakozo!

— Halo? Mukundimva?

— Ndikukumva, pitiriza.

— Ndinawapempha chinthu chimodzi, kuti asanandichotse aitane munthu wa makompyuta kuchokera ku likulu la bungwe. Kunabwera mayi wina wosakonda zocheza. Anayamba ndi foni yanga, komiti yonse itamuzungulira.

— Mtima sunagunde?

— Unagunda, ndiname chifukwa chiyani. Anaiunguza mbali zonse, kenako akuti, mapulogalamu awa ndikuwadziwa, zam'kati mwake zili poyera, anthu ambirimbiri anaziwerenga. Akuti zili ngati chakudya chophikira pabwalo, wothira mankhwala angaonekere pomwepo.

— Ndiye anakhulupirira?

— Ayi ndithu. Wina akuti mlembi wachenjera, wafufuta. Pamenepo mayi uja anafunsa kuti, kodi mukamachita miting'i, mafoni mumaika kuti?

— Mumaika kuti?

— M'ndowa. Tili ndi ndowa ya wokolopa. Aliyense akamalowa amaponyamo foni, ndowayo timakaisiya m'chipinda cha makina, kumene ngakhale munthu atakuwa sungamve. Ndi lamulo lathu, ndipo timalinyadira.

— Ndiye foni yako imakhala m'ndowa? Nanga ankakunamiziranji?

— Ankati ndimakanena ndikatuluka. Koma mayiyo anafunsanso kuti, mafoni onse? Achemwali! Maso onse pa tebulo.

— Pa tebulo panali chiyani?

— Foni ya a tcheyamani. Itagona pa kampango koyera, pakati penipeni, monga mwa masiku onse.

— Hii! Iwowo saponya?

— Angawauze ndani? Bambo wa imvi, amene anatilembetsa ntchito ambiri a ife, uwauze kuti ponyani foni m'ndowa yokolopera? Iwo amati amaonerapo nthawi. Ife tinazolowera mpaka tinasiya kuiona, ngati mmene suonera mphuno yako.

— Foni yake iti? Yaikulu ija anabwera nayo pa maliro a malume?

— Yomweyo. Imene kampani inawapatsa pothokoza kuti agwira ntchito zaka zambiri. Anyamata a makompyuta a kampani anawaikiramo pulogalamu ya chitetezo, yolipira, ya laisensi, imene inu mumaikonda ija.

— Usandilowetsemo ine.

— A tcheyamani anakwiya. Akuti foni yanga ndi yodula, siili ngati chidole cha mlembi. Mayi uja anawanyengerera mpaka anapereka. Anailumikiza ku laputopu yake, n'kuyendetsa kapulogalamu kofufuzira. Mukudziwa kuti kanali kotani?

— Ndikudziwa chimene ukufuna kunena.

— Kaulere, achemwali! Kosabisa zam'kati!

— Iwe, nena nkhani, mayunitsi ako atha.

— Lero ndagula okwanira. Kanaonetsa kuti chitetezo chija chimatsegula maikolofoni pachokha n'kumatumiza mawu kwinakwake. Mayiyo akuti alipo makampani amene malonda awo ndi amenewo, kugulitsa zomverera anthu mobisa. Amazipaka dzina lokoma, n'kuzitseka kuti wina asasuzumiremo.

— Koma si zonse zogula zili choncho. Usanamizire.

— Nayenso anatero, kuti zambiri n'zabwinobwino. Koma chotseka umangochikhulupirira, sungachifunse. A tcheyamani ndiye anakaniratu. Akuti zilembo za pa laputopu sizingawauze kuti iwo, iwo amene anayambitsa bungweli, ndi amene akulipereka.

— Mpaka ndawamvera chisoni.

— Inenso. Ndiye ndinati tiyeni tiyese. Dzulo kafoni kanga ndinakasiya kunyumba, anthu onse anaona kuti ndilibe. Tinapangana kaye panja, ku mpopi, foni yawo ili mu ofesi. Kenako tinalowa, ena onse anaponya m'ndowa, ya a tcheyamani pa kampango pake. Tinayamba sewero.

— Sewero lotani?

— Loti mawa m'mawa sitalaka, tonse tikasonkhane ku geti lakumbuyo, kotayira zinyalala. Mnzathu wina woyendetsa foloko yonyamulira katundu anachita kumenya tebulo, mpaka ndinaopa kuti awonjeza mchere. Titatha, anzanga awiri anandiperekeza mpaka kunyumba, mmodzi anagona pa mpando pabalaza, kuti pasakhale wonena kuti mlembi anazemba.

— Ndiye lero?

— Lero m'mawa... Halo?

— Ndilipo, ndilipo! Lero chiyani?

— Ku geti lakumbuyo, achemwali, alonda obwereka ali ndandanda! Zipewa zachitsulo, zibonga, agalu! Abwana eniake ali pa galimoto, manja m'chiuno, akulondera mulu wa zinyalala. Ife tinangolowa geti lakutsogolo ndi zikwama zathu, moni moni, aliyense pa makina ake.

— Mayo ine! Hahaha! Agalu kulondera zinyalala!

— A tcheyamani anapita kukaona okha. Pobwera nkhope itagwa, akuyenda ngati abwereka miyendo. Nthawi ya chakudya anaitanitsa anthu onse pa geti pano, anakwera pa bokosi, n'kundiitana.

— Anati chiyani?

— Anati, mwana uyu tinamudetsa dzina popanda mlandu. Kazitape ndamuyenda naye ine m'thumba la malaya, ndimamutchaja usiku uliwonse. Anandigwira dzanja n'kulikweza m'mwamba. Ndinalira, achemwali, sindibisa. Pamaso pa anthu onse ndinalira.

— Mulungu ndi wamkulu. Inenso misozi yalengeza, anthu aziti ndatani muno.

— Kenako anaitanitsa ndowa. Wokolopa anathamanga nayo. A tcheyamani anatulutsa foni, kampango komwe, phoo m'ndowa! Mayi wa makompyuta anakuwa kuti umenewo ndi umboni wa kukhoti! Mwamwayi ndowa inali youma. Nyimbo mukumvayi inayambira pamenepo.

— Ndiye ulembi?

— Ndikadali mlembi. Andiwonjezeranso udindo, woyang'anira ndowa. Palibe wa imvi kapena wa dazi amene adzadutse ndi foni pakhomo. Mawa a tcheyamani akuti aperekeza okha mwana wanga kusukulu, akalankhule ndi aphunzitsi.

— Wandisangalatsa, Waulere. Dzina limeneli sindisiya, koma lero ndalitchula mwaulemu.

— Ndalandira.

— Koma iwe... pulogalamu ya chitetezoyo imaoneka bwanji?

— Kachishango kobiriwira, kokhala pakona pamwamba. Sikachoka ngakhale ukadinize bwanji. Bwanji?

— Taima kaye, ndione...

— Halo? Achemwali? Yaduka?

— Siinaduke. Foni ndikulankhulirayi anatigawira kuno ku ofesi chaka chatha. Anabwera nazo munthu wa tayi uja.

— Pakona pali chiyani?

— Iwe, tsitsa mawu.

— Pali kachishango?

— Ndati tsitsa mawu! Ndipo dzulo lomweli ndimauza alamu ako za abwana, foni ili pa pilo...

— Ndiye ndisataye mwayi. Moni abwana a achemwali anga! Ngati mukumva, lembani bwinobwino: ndine mlembi wa bungwe, sindine kazitape, ndipo fakitale yonse ikudziwa!

— Wapenga iwe! Dula, dula! Galimoto yawo ikulowa pa geti.

— Moni kwa alamu!

— Amva. Madzulo ubwere kunyumba ndi nambala ya mayi uja. Ndowa ndili nayo kale.