Ndinangoti wanenepa

Aulutsi, chonde muwerenge nkhani yangayi lero lomwe, chifukwa Loweruka ndege yobwerera nayo mpongozi wanga kwawo inyamuka.

Ndine mayi wa ku Chinsapo. Mwana wanga wamwamuna anakwatira mzungu ku Mangalande, ndipo sabata yatha anabwera naye pamodzi ndi khanda lawo. Pa zithunzi za ukwati mtsikanayo anali woonda ngati bango, moti ndinkaopa kuti anthu aziti mwana wanga sadyetsa mkazi. Tsono atatsika galimoto ine n'kuona masaya ake onenepa, mtima wanga unadzaza chimwemwe. Ndinatolera kachizungu kanga ka ku pulayimale n'kumuuza kuti wanenepa, wanenepa kwambiri. Amayi anzanga analuluta, wina mpaka kumutsina mkono.

Mpongozi wanga anafiira nkhope, misozi n'kulengeza m'maso. Ndinayesa sanamve bwino, ndiye ndinabwereza mokweza.

Anafungatira khanda lake n'kubwerera m'galimoto. Mwana wanga anandinong'oneza kuti, "Amayi, kwawo mawu amenewo ndi chipongwe. Mwamuchititsa manyazi pagulu, munthu wangochira kumene."

Ine chipongwe? Kuno munthu akayamba kuonda sitiona tulo, taika ambiri m'manda. Kunenepa ndi moyo!

Chichokereni mpongozi wangayo ali kogona alendo m'tauni, foni sakuyankha. Chitenje chomwe ndinagula kuti ndiberekere mdzukulu wanga chikadali chopinda. Sindinamugwire n'komwe.

Mpongozi wanga samva Chichewa. Koma iwe mwana wanga, ndikudziwa ukumvera. Umumasulire mkazi wako kuti ndimasangalala kumuona wathanzi. Ndibwera wapansi, ndidzagwada pageti. Angondilola ndibereke mwanayo kamodzi kokha.