Kopanira nsidze ka m'khosi

Pa siteji ya basi ku Debre Tabor, amayi awiri osadziwana anakhalira matumba awo a tefu, mbewu yonga mawere. Mmodzi anayamba kulankhula.

"Ukwati wa mwana wanga Mulugeta ndauthetsa ine. Titapita kwawo kwa mtsikanayo, ndinapeza mayi ake ndi azakhali ake onse atavala kachitsulo kopanira nsidze m'khosi, chingwe chimodzi ndi mtanda. Ana ali manthongo okhaokha, ntchentche zili pamaso. Mtundu wa akhungu umenewo!"

"Ndiye mkazi mukamupezera kuti, kumwamba? Kuno ndi nyumba iti yopanda munthu amene nsidze zikumulasa m'maso? Ine kanga ndi aka, ndimazula m'mawa uliwonse."

"Ndi uve basi. Kwathu kulibe zimenezo."

"Nanga misozi ikutsikayo, mayi? Mwaferedwa?"

"Ndi utsi, ndimakazinga khofi."

"Utsi wake wamphamvu, wochita kukutsatirani mpaka pa siteji."

"Musandilankhule chipongwe, sindine mnzanu. Tasunthani, basi yanga ndi iyo ikubwerayo."

"Ameneyo ndi bulu wasenza udzu, mayi. Khalani pansi, yang'anani kumwamba ndikuzuleni nsidze zikukulasanizo. A kuchikazi aja sindikawauza."